Swapu ya 256 ndi Timadontho Tofiira ta Achemwali Anga

Abale ndi alongo anga mwa Ambuye, a mumphakati mwathu ndi ena nonse amene kalatayi ikufikeni, landirani moni m'dzina la Yesu amene anagwira dzanja langa lisanachite choipa. Ine ndine Dominiko, wa kuno kwa Likoswe, ku Chiradzulu. Ambiri mumandidziwa ngati mnyamata wa mtima wapachala uja amene anasiyira sukulu mu Sitandade 7 atakankha aphunzitsi, ndipo sindikukana, ndine yemweyo. Amene anandilakwira ndi a Nakhuwa, abwana anga akale. Anazula zipangizo m'makina a chipatala n'kukagulitsa, anandipatsa nambala yoti ndilembe kuti kuba kwawoko kusaoneke, ndipo achemwali anga a Veronika atamwalira chifukwa makinawo anakana kuitana ambulansi, iwo anaimirira pamaso pa anthu n'kuloza ine. Ndinakhala chaka ndi miyezi ingapo ndikukhulupirira kuti ndinapha mlongo wanga ndi chala changa ichi chimene ndikulembera.

Ndiyambe ndi mmene ndinawadziwira. Nditasiya sukulu ndinkakonza mawayilesi pakhonde la sitolo ina pamsika. Inali nthawi ija mafoni am'manja atangoyamba kufika, netiweki ukachita kukaisaka pachulu, ndipo kuchipatala chathu chaching'ono kunalibiretu. Tsiku lina a Nakhuwa anaima ndi galimoto yawo, wayilesi ya m'galimotomo itangoti zii. Ndinaikonza iwo akumwa fanta, asanamalize n'komwe botolo. Anandiyang'ana n'kunena kuti manja ngati amenewa akuwonongeka pamsika, ndibwere ndizigwira nawo ntchito kuboma.

Ntchito yake inali iyi. Bungwe lina lakunja linabweretsa timabokosi titatu, kalikonse kukula ngati buledi, toti tiikidwe m'zipatala zing'onozing'ono zitatu za kumudzi, chimodzi mwa izo chathu. Kabokosiko ndi kompyuta ndithu, koma yopanda phokoso, yoyendera batire ndi sola. Anamwino akalemba uthenga, kabokosi kamautumiza pa mlongoti mpaka kuchipatala chachikulu, kumeneko n'kutumiza ambulansi. Wayilesi yolankhulira yakale inali itafa kalekale, ndiye anthu anasangalala kwambiri. Amayi anga ankauza aliyense pachitsime kuti Dominiko tsopano ndi injiniya.

Ine ndili ndi kachizolowezi kamene ndinayamba pamsika paja. Munthu akabweretsa wayilesi, chipangizo chilichonse cha m'katimo ndinkachidontheza kyutekisi, utoto wopaka m'zikhadabo uja, mwiniwake akuona, kuti mawa asadzanene kuti ndamusinthira. Kyutekisiyo ndinkaba kwa achemwali, wofiira ngati tomato wakupsa. Ankandithamangitsa naye bwalo lonse.

"Iwe Dominiko, mawayilesi ako akutchena kuposa ine mwini botolo. Udzawakwatira amenewo?"

Timabokosi tija titafika ku ofesi ya a Nakhuwa tinatitsegula tonse titatu patebulo limodzi. Ndinaopa kuti zipangizo zisakanikirana, ndiye ndinatulutsa kabotolo kaja. Kabokosi koyamba, chilichonse cha m'kati kadontho kamodzi. Kachiwiri, kamene kanali kopita kwathu, timadontho tiwiri. Kachitatu, titatu. A Nakhuwa anali panja pafoni, sanaone. Mawa lake ananditumiza kumidzi kukamanga masola ndi milongoti, ndipo ndinatha sabata yathunthu ndili pamadenga. Pobwerera ndinapeza timabokosi totseka kale, masikuluwu omanga bwinobwino. Anati chatsala ndi kuika sisitimu basi, kutanthauza pulogalamu imene imayendetsa makina onsewo, ndipo andiphunzitsa.

Tinalumikiza sikirini. Mafunso ankabwera m'Chingerezi, iwo akundiuza poti ndidine. Kenako panabwera funso lina lofuna nambala, pambali pake palembedwa mawu akuti swapu.

"Lemba thu fifite sikisi," anatero.

"Swapu ndi chiyani, bwana?"

"Iwe, Sitandade 7 inakukana, lero ukufuna ndikuphunzitse za ku yunivesite pa mphindi ziwiri? Lemba."

Mtima unandiwawa, koma ndinameza. Ndinalemba 256 m'kabokosi koyamba, m'kachiwiri, m'kachitatu. Palibe chala china chinakhudza nambala imeneyo, ndi changa chokha. Tsiku lopereka makina azungu a bungwe lija anabwera, uthenga woyesera unapita, anthu anaomba m'manja, amayi a kwaya anaimba.

Pa kabokosipo panali kanyali kakang'ono kofiira. M'katimo mulibe disiki yozungulira ngati ya kompyuta zazikulu, muli khadi laling'ono ngati bokosi la machesi, ndipo kanyaliko kamayaka makina akamalemba pakhadipo. Kwathu kanyali kameneka sikankazima. Mmawa kofiira, masana kofiira. Patapita miyezi anamwino anayamba kudandaula kuti makina akuchedwa, ukadina batani uyenera kukatunga kaye madzi. Ndinakawauza a Nakhuwa kawiri konse. Yankho lawo linali lakuti kakafiira ndiye kuti kakugwira ntchito, ndisiye kuvutitsa anthu ophunzira.

Achemwali anali oyembekezera mwana wawo woyamba. Inali nthawi ya dzinja, mitsinje itadzaza. Anachira mmawa cha m'ma naini, mwana wamkazi, koma magazi sanasiye. Ine ndinali pamsika tsiku limenelo. Ndinangoona alamu anga, amuna awo a achemwali, akubwera panjinga matope thupi lonse, akuti thamanga, kabokosi kako kakana.

Ndinapeza anamwino atalemba uthenga koma sikirini itangouma. Ndinazimitsa, kuyatsanso. Panabwera mizere ya Chingerezi, mzere womwewo kubwerezabwereza mpaka pansi, ine osamva ngakhale liwu limodzi. Ndinasintha mawaya, ndinayeza batire, ndinakwera padenga kukaona sola, zonse zili bwino. Kanyali kaja kali psuu, kundiyang'ana. Alamu anakweranso njinga kulowera kuchipatala chachikulu, koma mtsinje unali utasefukira ndipo anachita kuzungulira njira yakutali.

Cha m'ma thwelofu anamwino anati achemwali akundiitana. Ndinalowa. Milomo yawo inali itayera ngati phulusa, koma zikhadabo zinali zofiirabe, anapaka dzulo lake kuti mwana adzawapeze otchena. Anandigwira dzanja.

"Dominiko, kabokosi kako kayankha?"

Abale anga, ndinanama. Ndinati, "Kayankha, achemwali. Galimoto ili m'njira."

Anati chabwino, n'kutseka maso ngati munthu amene wauzidwa kuti adikire pang'ono. Anatisiya wani koloko itangopitirira. Ambulansi inafika cha m'ma fili, alamu ali m'katimo ndi njinga yawo.

Maliro atatha panachitika msonkhano pachipatala pompo, m'chisakasa chodikiriramo odwala. Panali a komiti ya zaumoyo, anthu awiri a bungwe lija, ndi mudzi wonse kunja. A Nakhuwa anaimirira atavala tayi, pepala lili m'manja. Anati khadi la m'kabokosi lapsa. Anati pepala la opanga makina likunena poyera kuti swapu isapitirire sikisitini, koma mnyamata uyu, posadziwa kuwerenga, analemba 256 mwa nzeru zake. Anati iwo analakwa chinthu chimodzi chokha, kuchitira chifundo munthu wosaphunzira. Anandipatsa pepalalo kuti ndiwerenge pamaso pa anthu. Ndinaliyang'ana, ndinangozindikira nambala 16 yokha.

Chimene ndinachita mukuchidziwa amene munalipo. Sindinafotokoze kalikonse, ndinalumpha benchi n'kuwagwira pakhosi. Anthu anayi anachita kundikanganula. Pamenepo mlandu unatha wokha, chifukwa ndani angamvere munthu wolusa chotero? A Nakhuwa anakonza tayi yawo, ananyamula kabokosi kathu kuti akakakonze, n'kulonjeza kuti tiwiri tinato akonza okha zimene ndinawononga. Ntchito inathera pomwepo.

Kunyumba amayi sanandinene ngakhale kamodzi. Kungoti anasiya kutchula dzina langa. Ankati "iwe", kapena kungoika mbale pansi osalankhula. Alamu atawasudzula anabwerera kwawo, mwana anatsala ndi amayi, akumwa mkaka wa m'chitini. Akalira, ine ndinkatuluka kupita kumunda ngakhale kulibe cholima. Atsibweni anandiitana n'kunena kuti mwina ndikapume kaye kutauni mpaka mitima ya anthu itazizira. Ndinamva zimene sananene, ndinanyamula jumbo langa kupita ku Limbe.

Ku Limbe ndinkanyamula katundu wa anthu pamsika. Kumeneko ndi kumene achemwali anayamba kundifunsa. Sindikunena za maloto ayi, ndikunena masana dzuwa likuswa mtengo. Minibasi ikaponda buleki, nyali zakumbuyo n'kufiira, ndinkamva pafupi ndi khutu langa, "Dominiko, kayankha?" Kanyali ka tchaja m'sitolo ya mafoni, funso lomwelo. Mayi wogulitsa nthochi atapaka kyutekisi akandipatsa chenje, ndinkagwetsa ndalamazo pansi. Mawu ake sanali aukali. Anali a munthu amene akudikirabe galimoto, ndipo chimene chinkandipha n'chimenecho. Ndinayesa kachasu, funso linkangodikira kuti mowa uthe. Kutchalitchi ndinasiya. Nambala ija ndinkaiona paliponse, pa nambala za galimoto, pa malisiti otayidwa, ndipo nthawi zina ndinkapezeka ndikuilemba ndi chala pafumbi osadziwa.

Mumtima mwanga munali anthu awiri okangana. Wina ankati a Nakhuwa ndi amene anakuuza nambala. Wina ankati koma analemba ndani, ndipo ukanakhala kuti sunakankhe aphunzitsi bwenzi utawerenga pepala lija wekha. Onse awiri ankagwirizana pa chinthu chimodzi, kuti pafunika pafe munthu. Ndinali ndi sikuludalaiva yanga yaitali ya mawayilesi ija. Ndinainola pamwala mpaka inasongoka ngati chisongole. Kawiri ndinakwera minibasi kupita kuboma, n'kukaima tsidya lina la msewu moyang'anana ndi ofesi yawo. Ulendo woyamba anali atachoka. Wachiwiri anatuluka atagwira mwana wawo wamkazi padzanja, wa yunifolomu, ndipo miyendo yanga inakana. Ndinabwerera ndikudzitukwana kuti ndine wamantha.

Tsiku lina masana mvula inandipeza pafupi ndi tchalitchi china, ndinalowa kukausa basi, osati kukapemphera. Munalibe munthu. Kutsogolo, pafupi ndi guwa, kunali kanyali kofiira kaja kamene kamayaka nthawi zonse m'matchalitchi mwathu. Funso linabwera. Ulendo uno sindinathawe, ndinapsa mtima. Ndinaima pakati pa mabenchi n'kulankhula mokweza ngati ndikukangana ndi munthu pamsika. Ndinati, Mulungu, ngati wopha ndine, ndiuzeni ndidziwe chochita ndi sikuludalaivayi. Ngati si ine, ndionetseni. Koma musandipatse pepala la Chingerezi, mukudziwa sindimva. Ndiuzeni m'chilankhulo chimene munthu wa Sitandade 7 angamve. Limenelo ndilo linali pemphero langa, lopanda ulemu, lopanda ameni. Mvula itakata ndinatuluka, sindinamve kalikonse.

Patapita masiku ndinanyamulira munthu wina kompyuta kupita nayo kokonzetsa, pakanjira ka kuseri kwa masitolo. Mwini malowo anali bambo wachikulire, Myao, Msilamu wa kapu yoyera, dzina lawo Che Amidu. Ndinawapeza akulimbana ndi kawaya kakang'ono, manja akunjenjemera ndi ukalamba, mtovu ukungodontha pambali. Sindinapemphe, ndinangoti bweretsani kuno. Ndinawotcherera kamodzi. Anayang'ana ntchitoyo ndi galasi lawo, kenako anayang'ana ine.

"Kununkha kachasu chonchi, koma dzanja losagwedera. Ubwere mawa, usambe."

Ndinakhala nawo milungu ingapo. Sankafunsa za kwathu, ine sindinkanena. Nthawi yawo yopemphera ikakwana ankandisiyira shopu. Tsiku lina mmawa anandipatsa chitini chakale cha mabisiketi chodzaza ndi tizipangizo, akuti ndisankhe zamoyo ndi zakufa. Ndinakhuthulira patebulo. Pansi penipeni panali timemori titatu tomangidwa ndi labala, timatabwa tobiriwira tating'ono ngati chipeso cha m'thumba. Memori ndi kachipangizo kamene makina amagwiriramo ntchito imene akuchita nthawi yomweyo. Ndinamasula labala. Koyamba kanali ndi kadontho kamodzi kofiira pakona. Kachiwiri, timadontho tiwiri. Kachitatu, titatu.

Ndinanunkhiza, ngakhale ndinkadziwa kuti fungo linatha kale. Unali kyutekisi wa achemwali, kadontho kachiwiri kopendekeka pang'ono mmene dzanja langa linaterereka tsiku lija. Ndinakhala pansi pasimenti.

"Wadwala?" anafunsa Che Amidu.

"Izi munazitenga kuti?"

"Anabwera nazo bambo wina wa tayi, wa ku Chiradzulu. Anandipusitsa, n'zabwino koma sizilowa m'makompyuta wamba, n'za timakina tating'ono. Zangokhala m'chitinimo chaka ndi kanthu. Bwanji, ukuzidziwa?"

Ndinawauza zonse, kuyambira pa fanta mpaka pa bodza limene ndinanamiza achemwali. Nditamaliza anatenga kamemori ka timadontho tiwiri, n'kundionetsa nambala yolembedwa pakapepala kake, 128. Anafunsa ngati ndinatsegulanso timabokosi tija nditabwerako kumasola. Ndinati ayi. Anapukusa mutu, kenako anakankha zinthu patebulo kuti andiphunzitse zimene a Nakhuwa anati n'za ku yunivesite.

Anati memori ili ngati tebulo ili, pamene uikapo zimene ukugwira. Tebulo likadzaza, makina amatenga zina n'kukaziika kaye pambali, pakhadi paja, kuti apeze malo. Malo apambali amenewo ndiye swapu. Anati pa kompyuta yaikulu ya disiki anthu anazolowera kuika swapu yaikulu, chifukwa disiki imapirira. Koma khadi lili ngati pepala la m'kope, ukalemba n'kufufuta, kulemba n'kufufuta pamalo omwewo, mapeto ake limabooka. N'chifukwa chake opanga kabokosi anaika memori yokwanira, 128, kuti ntchito yonse izithera patebulo, ndipo swapu anati ikhale 16 yokha, ya tsiku limene mauthenga achuluka mwadzidzidzi.

"Tsono bwana wakoyo anazula tebulo lalikulu n'kuikamo kakang'ono, ine ndikuganiza ka 32, ndi timene timapezeka motchipa. Akanasiya swapu pa sikisitini, makina akanakomoka tsiku loyamba lomwelo azungu akuona. Ndiye anakuuza ulembe yaikulu kuti makina azikwawa, azioneka amoyo, uku akudya khadi tsiku ndi tsiku. Kanyali kako kosazima kaja kanali kukuuza zimenezo."

Ndinafunsa funso limene linandisunga chaka chonse. Ndinati, ndiye nambala yanga ija siinaphe?

"Nambala yako inali yolakwika, usadzinamize, ndipo unalakwa kulemba chinthu usanatsegule bokosi. Koma memori iyi ikanakhala m'malo mwake, 256 yakoyo ikanangokhala phee ngati chipinda chopanda wogonamo, khadi likanakhala zaka. Nambala ija inali chiguduli chophimbira dzenje. Iwe anakugwiritsa chiguduli, wokumba ndi wina."

Ndinalira ngati mwana, pamaso pa munthu wa chipembedzo china amene sanadziwe n'komwe kuti Mulungu wamugwiritsa ntchito. Ndinapempha chilankhulo chimene ndingamve, ndipo anandiyankha ndi kyutekisi. Koma misozi isanaume, mkwiyo unabwera, dzanja linapita lokha m'thumba muli sikuludalaiva. Che Amidu anaona.

"Ukupita kuti?"

"Kuboma."

"Kukatani? Khala pansi. Timemori tili pano ndi titatu. Kabokosi kamodzi kanafa, tiwiri tinato tili kuti? Iwe ukuganiza anakakonza chiyani, memori ili m'chitini mwanga? Kumeneko kuli azimayi oyembekezera amene akudalira kanyali kofiira. Bwana wako sathawa, khadi ndi limene silidikira."

Abale, chaka chonse ndinkangoganiza za ine, za mlandu wanga, za dzina langa. Sizinandifikepo m'mutu kuti nambala yomweyo ndinailemba katatu.

Mawa lake m'mamawa bambo wokalambayo anatseka shopu yake, anatenga makhadi awiri atsopano ndi timemori tija, tinakwera minibasi, kenako njinga za kabaza. Tinayambira chipatala cha kumbali ya ku Nchema. Anamwino a kumeneko atandiona anaima pakhomo.

"Si iwe uja? Makina athu usawakhudze."

Mtima unayamba kuwira, koma Che Amidu anandiponda phazi. Anawafunsa mwaulemu kuti makina akuyenda bwanji. Anamwino anati masiku ano akayatsa mmawa amadzuka dzuwa litakwera, ndipo sabata yatha uthenga unakana kawiri. Che Amidu anapempha kuti aitane a komiti awiri adzaonerere, ndipo kabokosi katsegulidwe iwo akuona. Ndinatulutsa sikuludalaiva yanga, koma nsonga inali yosongoka kwambiri moti siinkagwira sikuluwu. Ndinachita kukaikhuliza pamwala wa pakhonde kuti ibwerere mwakale. Anthu ankadabwa kuti mnyamatayu akulirira chiyani pamwala.

Titatsegula, chilichonse m'katimo chinali ndi kadontho kamodzi kofiira, kupatula memori. Imeneyo inalibe kadontho, ndipo pakapepala kake panalembedwa 32. Che Amidu anatulutsa ya kadontho kamodzi m'thumba mwawo n'kuiika pambali pake. Panalibe chofotokoza. Mmodzi wa a komiti, amene anabweranso kumsonkhano uja wa kwathu, anavula chipewa.

Tinaika memori yake, tinaika khadi latsopano, tinayamba kuika sisitimu. Funso la swapu lija linafika pa sikirini. Ndinabweza manja kumbuyo, ndinati lembani ndinu. Anakana.

"Ulemba wekha. Koma usalembe chifukwa ndanena ine, ungabwereze zomwe zija. Memori waiona ndi maso ako, ndi zingati? Pulogalamu ya mauthenga ikadzaza imadya zingati? Ndinakuonetsa poonera. Ndipo ukulemba pa chiyani, disiki kapena khadi? Yankha zitatuzo, nambala ibwera yokha."

Ndinayankha chimodzichimodzi, anamwino ndi a komiti akumva. Memori 128. Pulogalamu siifika n'komwe pamenepo. Ndi khadi, silifuna kulembedwalembedwa. Ndinalemba 16. Makina atadzuka, kanyali kanaphethira kawiri katatu, kenako kanazima. Kanazima, abale anga. Ndinali ndisanaonepo kabokosi kameneka kali moyo kanyali katazima. Anamwino analemba uthenga woyesera, ndipo asanachotse dzanja pa batani yankho linali litabwera kuchokera kuchipatala chachikulu. Kuchipatala chachitatu tinapita tsiku lotsatira, tinapeza zomwezo, khadi litatsala pang'ono kutha.

A komiti ndi amene anakauza bungwe lija, ine sindinapite, ndinkadziopa. A bungwewo anawalanda ntchito a Nakhuwa, ndipo kabokosi kathu anakakatenga ku ofesi ya a Nakhuwawo kali pansi pa tebulo, kosakonza. Ndinakonza ndine. Memori ya timadontho tiwiri ndinaibwezera m'malo mwake, ndipo kyutekisi wa achemwali ali m'menemo mpaka lero, m'chipinda choyandikana ndi chimene anamwaliriramo. Tsiku limene ndinabwerera kumudzi amayi anali kusambitsa mwana pabwalo. Sanadzuke, anangoti, "Dominiko, tandipatsira thaulo ilo." Dzina langa ndinali ndisanalimve pakamwa pawo chichokereni maliro.

Sindikunamizani kuti zonse zinatha. Palibe amene angandiuze motsimikiza kuti ambulansi ikanabwera msanga achemwali akanachira, zimenezo akudziwa ndi Mulungu. Bodza lija ndinakalapa kwa ansembe, anandimasula, koma likadali m'kamwa mwanga. Mtima wapachala sunachoke, ndimalimbana nawo tsiku lililonse. Komabe ndikuthokoza Ambuye amene anafooketsa miyendo yanga tsidya lina la msewu, amene anasunga timemori titatu m'chitini cha mabisiketi osalola kuti tigulidwe, amene anamva pemphero lamwano la munthu woledzera. Ndikuthokozanso Che Amidu, amene ndimawatcha bambo anga ngakhale sitipemphera nyumba imodzi. Inu amene mwasenza mlandu umene simukuumvetsa, amene anthu ophunzira anakutsekani pakamwa ndi pepala, musafulumire kudzipweteka kapena kupweteka wina. Pempherani ngakhale mokalipa, Iye amamva Chinyanja. Ndipo wina akakuuzani kuti lemba nambala iyi, tsegulani kaye bokosi muone.

Ena mwakhala mukundifunsa ngati ndinakumana nawonso a Nakhuwa. Ndinakumana nawo, masana, pa siteji ya minibasi kuboma. Galimoto analibenso. Atandiona anayang'ana uku ndi uku kufuna pothawira, ndipo nditalowetsa dzanja m'thumba anabwerera m'mbuyo mpaka anagunda benchi la ogulitsa mandasi. Sikuludalaiva inalimo ndithu, koma chimene ndinatulutsa ndi kamemori ka 32 kaja, kopanda kadontho. Ndinakaika m'thumba la shati yawo, ndinawakonzera kolala, ndipo ndinalankhula motsitsa mawu kuti amve okha.

"A Nakhuwa, katundu wanu uyu, munaiwala m'bokosi. Musanjenjemere, sindikugwirani, Mulungu anandilanda ntchito imeneyo. Koma achemwali anga anafa akudikira galimoto, ndipo chaka chonse akhala akundifunsa ine ngati kabokosi kayankha. Ine ndawayankha, ndawauza zoona. Kuyambira lero akafunsa, muziwayankha ndinu."